Masentimita 10: momwe mzinda wa Copenhagen udasankhira njira ya madzi pambuyo pa chimvula cha 2011

Lipoti ili likunena za Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, ndi zomwe mzindawu wachita ndi madzi a mvula komanso a suweji kuchokera tsiku lomwe udamira, pa 2 Julayi 2011. Ndalembera anzanga amene timagwira ntchito ya ngalande, mapaipi ndi malo oyeretsera madzi onyansa, komanso inu amene mumasainira mapulani a mizinda. Zithunzi za mapaki okongola a kumeneko zidafalikira kale pa intaneti, moti ambiri akaziona amangoti nkhani yake ndi yobzala mitengo. Ine ndikuona kuti mtima wa nkhaniyi uli pa nambala imodzi yomwe khonsolo idavomereza, ndi pa lamulo la ndalama lomwe lidasinthidwa kuti nambalayo itheke. Mitengo idabwera pambuyo.

Mapaipi omwe mzinda udali nawo

M'chaka cha 1853 kolera adapha anthu oposa 4,700 mu Copenhagen, pomwe mzindawu udali ndi anthu pafupifupi 130,000. Zonyansa zinkayenda m'ngalande zosavundikira m'mbali mwa misewu. Mliri utatha, ntchito yoyala mapaipi idayamba mwamphamvu, ndipo m'kupita kwa zaka, monga m'mizinda yambiri yakale ya ku Ulaya, paipi imodzi idayamba kunyamula zonse: za m'chimbudzi, za kubafa ndi kukhitchini, pamodzi ndi madzi a mvula ochokera pa madenga ndi m'misewu. Mbali yaikulu ya mzindawu ikudalirabe mapaipi ophatikiza amenewa.

Paipi yophatikiza siivuta kukakhala kopanda mvula. Vuto lake ndi la masamu. Munthu mmodzi mu Copenhagen amagwiritsa ntchito madzi pafupifupi malita 100 pa tsiku, ndipo madziwo amalowa m'paipi pang'onopang'ono, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Koma milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi, yakwana lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 likalandira mamilimita 30 latulutsa malita 3,000. Munthu uja akadatenga mwezi wathunthu kuti athire madzi ochuluka chotere m'paipi, pomwe denga limawakhuthula pa theka la ola.

N'chifukwa chake paipi yotere imamangidwa ndi pothawira. Mkati mwake mumakhala kakhoma, ndipo madzi akakwera kuposa kakhomako amadumpha n'kulunjika kumtsinje kapena kunyanja osayeretsedwa. Pakati pa zaka za m'ma 1990, malo othawira otere otsanulira m'doko la Copenhagen adalipo 93. Mzinda udamanga mathanki akuluakulu pansi pa nthaka osungiramo madzi osefukira mpaka mvula itakata, udatseka ambiri mwa malo othawira aja, n'kuika zida zochenjeza suweji ikalowa m'doko. Mu 2002 adatsegula malo osambira ku Islands Brygge, m'doko lomwelo lomwe kale munthu sakadayerekeza kuviikamo phazi. Mpaka lero suweji ikathawira m'doko amakweza mbendera yofiira, kusambira kumaima kaye.

Ndanena izi kuti pasakhale woganiza kuti mzinda womwe udamira mu 2011 udali wolekerera. Malo oyeretsera madzi a Lynetten adali akugwira ntchito kuyambira 1980. Mapaipi ankasamalidwa. Muyeso womwe ankatsata udali wakuti madzi a m'paipi yophatikiza asafike pamwamba pa msewu kuposa kamodzi pa zaka 10, ndipo m'madera ambiri muyesowu unkakwaniritsidwa. Chomwe padalibe ndi yankho la funso lotsatira: nanga tsiku lomwe mvula yaposa muyesowo, madzi apite kuti?

Madzulo a 2 Julayi 2011

A zanyengo a ku Denmark amati mvula yafika poopsa ikaposa mamilimita 15 pa mphindi 30. Loweruka limenelo madzulo, chipangizo choyezera mvula cha ku Botanisk Have, pakati penipeni pa mzinda, chidalemba mamilimita 135, ndipo yambiri mwa mvulayi idagwa m'maola awiri okha. M'madera ena idayandikira 150. Imeneyi ndi mvula ya miyezi iwiri. Mapaipi adadzaza pa mphindi zochepa, zivundikiro za manhole (maenje a mumsewu olowera ku mapaipi) zidatukulidwa, msewu waukulu wa Lyngbyvej udasanduka dziwe, masitima adaima. Chipatala chachikulu cha Rigshospitalet chidatsala pang'ono kusamutsa odwala chifukwa madzi adali kuyandikira makina a magetsi.

Koma chionongeko chenicheni chidachitikira komwe makamera safika, m'zipinda za pansi pa nyumba. Nyumba zambiri za mumzindamo zili ndi zipinda zotsika kuposa msewu, zomwe ena adazisandutsa masitolo, maofesi kapena mosungira katundu. Pansi pa chipinda chotere pamakhala kabowo kotayira madzi, kolumikizidwa ku paipi ya mumsewu. Paipi ikadzaza mpaka pa levulo ya msewu, madzi amafunafuna potulukira potsika kwambiri, ndipo kabowo kaja ndiye khomo lawo. Kamayamba ndi kulira kwa mpweya wothawa, kenako madzi akuda amatumphuka, chimbudzi cha m'chipindamo nacho n'kuyamba kubwezera. Mwini nyumba akhoza kutseka zitseko ndi mawindo, n'kuunjika matumba a mchenga pakhomo, koma madzi akulowera pansi pa mapazi ake. Ndipo si madzi a mvula okha. Ndi mvula yosakanikirana ndi za m'zimbudzi za mzinda wonse.

Makampani a inshuwalansi adalandira madandaulo pafupifupi 90,000, ndipo chionongeko chidawerengedwa kuti chidafika cha m'ma kroner (ndalama ya ku Denmark) 6 biliyoni. Ena mwa amene adagwira ntchito yopopa ndi kukolopa adadwala m'mimba. Anthu angapo adatenga leptospirosis, matenda ofala kudzera mu mkodzo wa makoswe, ndipo mmodzi adamwalira.

Chimvula china chidali chitagwa kale mu Ogasiti 2010, chinanso chidabwera kumapeto kwa Ogasiti 2014. Zitatu pa zaka zinayi. Andale sadafunikenso kuwanyengerera.

Chifukwa chomwe sadangokulitsa mapaipi

Injiniya aliyense akaona paipi yasefukira, dzanja limathamangira pa tebulo la masaizi. Ndipo masamu amamulimbikitsa: mukawirikiza kawiri kukula kwa kamwa la paipi, pa mtsetse womwewo, imanyamula madzi ochuluka kuposa kasanu ndi kamodzi. Papepala zimaoneka zophweka. Pansi pa msewu wa mzinda wakale zili mwina. Muli kale mapaipi a madzi akumwa, a gasi, a madzi otentha otenthetsera nyumba, mawaya a magetsi ndi a mafoni, ndipo m'malo ena muli njanji. Kuti mulowetse paipi yaikulu muyenera kusuntha zonsezi, msewu ndi msewu, kwa zaka zambiri.

Palinso zinthu ziwiri zomwe timaziiwala kawirikawiri. Choyamba, madzi salowa m'paipi mwa matsenga. Amadzera pa tizitsulo ta m'mbali mwa msewu, ndipo pa chimvula tizitsulo timeneti timatsekeka ndi masamba ndi zinyalala pa mphindi zoyambirira zomwe. Paipi ikhoza kukhala ndi malo pansi, msewu uli thothotho pamwamba. Chachiwiri, zonse zolowa m'paipi yophatikiza zimathera ku malo oyeretsera. Kumeneko ntchito imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timadya zonyansa, kenako timadikha m'mathanki ozungulira kuti madzi oyera adutse pamwamba. Madzi akabwera ambiri mothamanga, tizilomboto sitipeza mpata wodikha, timakokoloka n'kutuluka nawo. Choncho malo oyeretsera amalandira mlingo womwe angathe, otsalawo amalambalala. Ndipo lita iliyonse ya mvula yomwe yafikako yapopedwa ndi magetsi, ngakhale idagwa pa denga ili yoyera.

Mzinda udawerengera njira zonse. Kungokhala osachita kanthu kukadadzetsa chionongeko cha pafupifupi kroner 16 biliyoni pa zaka 100. Kuthana ndi vutoli ndi mapaipi okhaokha kukadadya pafupifupi 20 biliyoni, kutanthauza kuti mankhwala akadaposa matenda kudula. Kuphatikiza njira za pamwamba pa nthaka ndi ngalande zochepa zikuluzikulu za pansi kudawerengedwa pa 11 biliyoni.

Nambala yomwe adagwirizana

Pulani ya chimvula, Skybrudsplan, idavomerezedwa mu 2012. Chiganizo chake chachikulu ndi ichi: pa mvula yomwe imabwera kamodzi pa zaka 100, madzi asakwere kuposa masentimita 10 pamwamba pa nthaka, kupatula m'malo omwe asankhidwiratu kuti asunge kapena kudutsitsa madzi. Muyeso wakale wa mapaipi, wa zaka 10, udatsala momwemo. Pamwamba pake adaikapo muyeso wachiwiri, wa msewu.

Taonani chomwe khonsolo idachita apa. Idauza nzika zake poyera kuti madzi adzayenda m'misewu ndithu, ndipo palibe ndalama yomwe ingaletse zimenezo. Ndi andale ochepa amene amalimba mtima kunena mawu otere. Masentimita 10 ndi madzi ofika m'kakolo. Munthu amawoloka, ambulansi imadutsa, ndipo mwini nyumba akhoza kuwatchinga ndi sitepe imodzi pakhomo kapena kakhoma kozungulira windo la chipinda chapansi. Apa ndi pomwe malire a udindo adalembedwa: kutsitsa madzi kufika pa masentimita 10 ndi ntchito ya mzinda ndi kampani ya madzi, ndipo kuteteza nyumba ku masentimita 10 otsalawo ndi ntchito ya mwini wake.

Mawu akuti mvula ya zaka 100 amasokoneza anthu, ngakhale m'misonkhano ya akuluakulu. Satanthauza kuti ikagwa chaka chino tapuma mpaka adzukulu. Amatanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100 woti igwe, ndipo pa zaka 30 mwayiwo umakwana pafupifupi 26 pa 100. Komanso mvula ya zaka 100 ya lero si yofanana ndi ya kumapeto kwa zaka za zana lino. Mainjiniya a ku Denmark amachulukitsa mvula yopangira pulani ndi 1.3 pa ya zaka 10, ndi 1.4 pa ya zaka 100, poganizira kusintha kwa nyengo.

Chodabwitsa n'chakuti chimvula cha 2011 chenichenicho chidaposa muyeso umenewu. M'malo omwe chidagwa kwambiri, akatswiri adachiika m'gulu la mvula ya zaka 1,000 kapena kuposa. Mzinda sudalonjeze kuti chikadzabweranso sipadzaonongeka kanthu. Udaima pomwe ndalama yowonjezera idasiya kubweza phindu lolingana nayo. Ena amati uku n'kugonja. Kwa ine uku ndiye kupanga pulani, chifukwa muyeso wosatchulidwa nambala palibe amene angaumangire, ndiponso palibe amene angaimbidwe mlandu ataulephera.

Kutsata kutsetsereka kwa nthaka

Nambala itapezeka, funso lidasanduka la mapu. Mzinda udagawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri, osati potsata malire a maboma aang'ono, koma potsata komwe dontho la mvula limalowera likagwa. Frederiksberg ndi khonsolo payokha yozunguliridwa ndi Copenhagen mbali zonse, ndipo madzi otsika ku zitunda zake safunsa chilolezo pa malire, choncho makhonsolo awiriwa ndi makampani awo a madzi adayenera kukhalira pamodzi. Pa kompyuta adaphatikiza mapu a mapaipi ndi mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, n'kugwetsapo mvula yongoyerekeza. Malo ambiri omwe adaoneka akumira ndi omwe kale adali madambo ndi mitsinje. Mtsinje wa Ladegårdsåen, mwachitsanzo, udakwiriridwa m'mapaipi pansi pa msewu wa Åboulevard. Akuluakulu adanena kale kuti madzi saiwala khwawa.

Mfundo yoyendetsera zonse ndi yosavuta kuinena. Kumtunda, gwirani madzi, achedwe. Kumunsi, pafupi ndi doko, atsegulireni njira, athamange. Kumtunda amakumba mabwalo ndi mapaki kuti akhale otsika, ndipo m'misewu ing'onoing'ono amadula phula n'kuika timinda tolandira madzi. Pakati, misewu ina yosankhidwa imasinthidwa maonekedwe. Msewu wamba umakhala wotukuka pakati kuti madzi atsikire m'mbali, komwe kuli makomo a nyumba. Msewu wa chimvula amautembenuza, umakhala wolowa pakati kapena wopendekera mbali imodzi yokhala ndi kakhoma kokwera, kuti madzi ayende kutali ndi makomo. Komwe njanji kapena nyumba zothithikana zatseka njira, m'pomwe amaboola ngalande ya pansi. Mu 2015 khonsolo idavomereza ntchito pafupifupi 300 zoti zichitike pa zaka 20.

Ntchito 300 zimenezi si zoimirira payokhapayokha, ndipo apa m'pomwe ambiri otengera chitsanzochi amapunthwa. Msewu wa chimvula womangidwa kumtunda, kumunsi kusanakonzedwe, umangosamutsa chigumula kuchoka pa khomo la uyu kupita pa khomo la uyo, mwaliwiro kuposa kale. Potulukira pamayenera kuyamba.

Enghaveparken

Pa ntchito zonsezi, yomwe ndimakonda kuwaonetsa mainjiniya achinyamata ndi paki ya Enghaveparken, m'dera la Vesterbro. Idamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo zina mwa zomanga zake, monga pabwalo poimbira, adajambula ndi Arne Jacobsen, katswiri wotchuka wa mapulani a nyumba, akadali mnyamata. Ili m'munsi mwa chitunda cha Valby ndi dera la Carlsberg, ndiye madzi ochokera kumtunda ankadutsa pomwepo kale, kupita m'nyumba za Vesterbro. Idatsegulidwanso mu 2019 itakonzedwa kuti izitha kusunga makyubiki mita 22,600 a madzi.

Pakiyi imagwira ntchito m'masitepe, molingana ndi kukula kwa mvula. Mvula ya masiku onse yochokera pa madenga a dera la Carlsberg imalowa m'thanki ya pansi pa nthaka ya makyubiki mita 2,000, ndipo madziwo amathirira mitengo ndi kudzaza magalimoto otsuka misewu. Mvula ikakula, madzi amayamba kudzaza malo omwe adakumbidwa dala, makamaka bwalo la masewero lomwe lili pansi, lozunguliridwa ndi masitepe a konkire omwe masiku ena onse anthu amakhalapo poonerera mpira. Ikafika pa chimvula chenicheni, paki yonse imasanduka dziwe. M'mbali zake zotsika muli kakhoma ka konkire, kosalala pamwamba, komwe ana amayendapo ndipo akuluakulu amakhalapo ngati benchi. Kakhomaka kali ndi mipata polowera anthu, ndipo pa mpata uliwonse pali chitseko chobisika m'nthaka chomwe chimadzuka chokha madzi akafika. Mvula ikatha, mapaipi akapeza mpata, madzi amatulutsidwa pang'onopang'ono, paki n'kutsukidwa.

Chomwe chimandisangalatsa apa si kukongola. Thanki ya konkire ya pansi pa nthaka yosunga madzi ochuluka chotere ikadadya ndalama zoopsa, n'kumakhala yopanda kanthu zaka zambiri, mumdima, osaonedwa ndi aliyense. Chinthu chosaonedwa chimaiwalika pa bajeti. Pakiyi imagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, ndiye kakhoma kakang'ambika, wina aona mawa lomwe.

Koma tiyeni tiwerengenso. Mamilimita 150 akagwa pa hekitala imodzi ya madenga ndi phula, atulutsa makyubiki mita 1,500. Ndiye kuti Enghaveparken yonse, yodzaza mpaka pakamwa, ikusunga chimvula cha 2011 cha pa mahekitala 15 okha. Mzinda uli ndi mahekitala masauzande. Paki yotchuka kwambiri pa pulani yonse ndi kadontho, ndipo phindu lake lili pa malo pomwe yaikidwa, pa mtsetse weniweni woteteza dera lothithikana. Mukaikopera pamalo pomwe madzi sadutsa, mwangomanga bwalo la mpira lokumbika.

Madzi a padenga ndi madzi a pamsewu

Ku Østerbro, m'dera la Sankt Kjelds, ndi komwe adayesera njira za timinda. Bwalo la Tåsinge Plads lidatsegulidwa mu Disembala 2014, phula losagwiritsidwa ntchito litachotsedwa n'kuikapo dimba lotsika lolandira madzi a pa madenga ozungulira. Mu 2019 adamaliza Sankt Kjelds Plads ndi msewu wa Bryggervangen, pomwe raundabauti yaikulu mopitirira muyeso idachepetsedwa n'kubzalapo mitengo pafupifupi 600.

Phunziro la kumeneko ndi lakuti madzi a mvula si amodzi. A padenga amakhala oyera ndithu, pokhapokha dengalo likhale la kopa kapena zinki. A pamsewu amanyamula mafuta, fumbi la matayala ndi la mabuleki, ndipo m'nyengo yozizira amanyamulanso mchere womwe amathira kuti asungunule ayezi. Mchere umapha mitengo, ndipo dothi silingausefe, umangodutsa mpaka ku madzi a pansi pa nthaka. Dziko la Denmark limamwa madzi a pansi pa nthaka pafupifupi onse, ndipo Frederiksberg imapopa ena pansi pa mzinda womwewo. Choncho ku Bryggervangen adakonza kuti madzi oyamba kutsuka msewu, omwe ndi akuda kwambiri, azilowa m'paipi ya suweji n'kukayeretsedwa, ndipo obwera pambuyo, mvula ikapitirira, azipatukira m'timinda. Ndi kachipangizo kakang'ono m'mbali mwa msewu, kosajambulika bwino pa chithunzi, koma n'kofunika poteteza mitengo ndi madzi a pansi pa nthaka.

Timinda totere tisatipatse ntchito yomwe sitingathe. Dothi likakhuta, makamaka la dongo ngati la m'madera ambiri a Copenhagen, silimwanso. Pa chimvula, kamunda kamathandiza ndi dzenje lake lokha, osati ndi kumwa kwake. Phindu lake lalikulu lili pa mvula zing'onozing'ono zambirimbiri za chaka chonse, zomwe zikachotsedwa m'paipi yophatikiza, suweji siithawiranso m'doko kawirikawiri, mapampu amapuma, ndipo malo oyeretsera amalandira zonyansa zosasakanikirana ndi madzi a mvula, zomwe tizilombo tija timagwira bwino.

Wolipira ndani

Ku Denmark, makampani a madzi ndi suweji a m'mizinda ikuluikulu ndi a makhonsolo, koma thumba lawo ndi losiyana ndi la khonsolo. Ndalama ya bilu ya madzi imaloledwa kugwira ntchito ya madzi basi. HOFOR, kampani yomwe imasamalira suweji ya Copenhagen, ikadatha kulipira paipi ya mabiliyoni pansi pa msewu popanda wofunsa, koma sikadaloledwa kulipira kutsitsa msewu womwewo ndi masentimita ochepa, chifukwa msewu ndi wa khonsolo. Khonsolo nayo ndalama zake za misonkho zimalimbirana ndi masukulu ndi nyumba zosamalira okalamba, ndipo boma limaika malire pa zomwe makhonsolo angamange pa chaka. Njira yotchipa idali yoletsedwa, yodula ndiyo idali yololedwa.

Mu 2013 lamulo lidasinthidwa. Kampani ya madzi idaloledwa kulipira mbali ya ntchito ya pamsewu, m'paki kapena mumtsinje yomwe ikuyendetsa madzi, bola zionetsedwe kuti njirayo ndi yotchipa kuposa paipi yogwira ntchito yomweyo. Kukumba, kutsitsa ndi kakhoma zimachokera ku bilu ya madzi. Mabenchi, maluwa ndi zoseweretsa ana zimachokera ku misonkho. Poyamba kampani inkatha kulipira mbali ya madziyo yonse, koma kuyambira 2016 mpaka 2020 makhonsolo adayenera kuikapo gawo limodzi mwa magawo anayi pa ntchito za m'misewu, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe ntchito 300 zija zidavomerezedwera pamodzi chaka cha 2015 chisanathe. Eni nyumba nawo ali ndi chowakopa: amene wachotsa madzi a padenga lake m'paipi ya suweji n'kuwasamalira pabwalo pake akhoza kubwezeredwa mpaka 40 pa 100 ya ndalama yolumikizira nyumba ku suweji.

Alendo okaona ntchitozi amathera nthawi m'mapaki. Ndikadakhala ine wokonza ulendo, tsiku loyamba lonse akadalithera mu ofesi ya owerengera ndalama.

Zomwe zikuvutabe

Ntchito siikuyenda pa liwiro lomwe lidalembedwa mu 2015. Misewu ya chimvula yapezeka kuti ndi yovuta kuposa momwe mapu ankaonetsera, chifukwa kutsitsa msewu kumakumana ndi mawaya ndi mapaipi omwe aja, ndipo msewu womwewo ukufunidwa ndi mabasi, njinga, oimika magalimoto ndi anthu oyenda pa njinga za olumala, amene kakhoma kokwera kamawatsekera njira. Zilolezo zotayira madzi a pamsewu m'nyanja zing'onozing'ono za mumzinda ndi m'doko zimatenga nthawi, poti doko lomwe anthu adazolowera kusambiramo palibe amene akufuna kulidetsanso. M'madera ena mayankho abwerera pansi pa nthaka. Ngalande ya Kalvebod Brygge, yotalika pafupifupi kilomita 1.3, idakonzedwa kuti itenge madzi a ku Frederiksberg ndi Vesterbro kukawataya m'doko, ndipo ina yaitali kwambiri, ya Svanemøllen, ndi ya kumpoto kwa mzinda. Amene amanena kuti Copenhagen idasiya konkire n'kusankha zobiriwira sadaone kukula kwa makina oboolera.

Kusamalira ndi nkhani ina. Paipi ikhoza kukhala zaka osaiyendera. Kamunda kolandira madzi kamafuna munthu wochotsa masamba polowera, wozula udzu, wosintha dothi la pamwamba likadzaza ndi fumbi la msewu. Zitseko za Enghaveparken ziyenera kuyesedwa ngakhale padutse zaka zambiri chimvula chisanabwere. Palinso ngozi yomwe siioneka: patapita zaka, kontirakitala wokonza msewu amene sadziwa kuti msewuwo ndi ngalande akhoza kuthira phula latsopano, n'kuukweza ndi masentimita asanu, kapena kumanga chitunda chochepetsa liwiro la magalimoto chopingasa njira ya madzi. Pa muyeso wa masentimita 10, asanu ndi theka la chitetezo chonse. Levulo ya misewu yotere iyenera kulembedwa m'kaundula momwe timalembera mapaipi, ndipo aliyense wopempha chilolezo chokumba aziuzidwa.

Chotsala ndi chipinda chapansi chija. Malinga ngati paipi ya mumsewu ili yophatikiza, idzadzazabe pa mvula yoposa ya zaka 10, ndipo kabowo ka pansi kadzabwezerabe, ngakhale msewu wa panja utakonzedwa bwino chotani. Mankhwala ake ndi vavu yoletsa madzi kubwerera, yoikidwa pa paipi ya chipindacho, kapena kapampu kokweza madzi a m'chipindamo kupitirira levulo ya msewu asanatsikire ku suweji. Zimenezi khonsolo siingaike, ndi za mwini nyumba, ndipo mtengo wake udawerengedwa m'kati mwa 11 biliyoni ija. Vavu iyenera kuikidwa pa nthambi ya chipinda chapansi yokha. Ikaikidwa pa paipi yaikulu ya nyumba yonse, tsiku la chimvula imatseka, ndipo madzi a padenga ndi a m'zimbudzi za m'mwamba amasowa kolowera n'kutulukira m'chipinda chomwecho. Imafunanso kutsegulidwa ndi kutsukidwa kamodzi kapena kawiri pa chaka, chifukwa kansanza kamodzi kokodwa pa chitseko chake n'kokwanira kuti isatseke.